Ndaika graphics card yamphamvu koma magemu ayamba kudodoma: ndaberedwa kodi?

Funso ili lachokera kwa wowerenga wina wa ku Chirimba, ndipo walemba motere:

"Moni akulu. Kompyuta yanga ndi desktop yomwe kale inkagwira ntchito mu ofesi, ili ndi Core i5-4570 ndi RAM ya 8GB. Ndinkasewera ndi GTX 750 Ti, ndipo GTA V ndi FIFA 19 zinkayenda bwinobwino, FPS inkafika 50 kapena 60 ndikatsitsa masetingi. Mwezi watha ndinatolera ndalama n'kugula RX 580 ya 8GB yogwiritsidwapo kale kwa munthu wina ku Limbe, ndiponso ndinaonjezera RAM ina ya 8GB. Chiyambireni tsiku limenelo FPS ikungozungulira pa 25 mpaka 30, gemu imayamba yaima kenako n'kupitiriza, ndipo kawiri konse kompyuta yazima yokha ndili pakati posewera. Poti power supply yanga ilibe chingwe cha 8-pin, wogulitsayo anandipatsa kachingwe kolumikiza ku SATA. Iyeyo akuti khadi ilibe vuto, vuto ndi kompyuta yanga. Kodi ndaberedwa? Ndiibweze, kapena ndisake ndalama ndigule purosesa ina?"

Achimwene, mtima m'malo kaye. Pa zomwe mwafotokozazi sindikuona umboni woti mwaberedwa, ngakhale sindinganenenso kuti wogulitsayo wakuchitirani chilungamo pa zonse. RX 580 ndi GTX 750 Ti onse ndi ma graphics card, makhadi ojambula zithunzi za gemu, ndipo RX 580 ikakhala yabwinobwino imaiposa GTX 750 Ti kutali. Yakaleyo inatuluka mu 2014 ndipo ochuluka mwa makhadi amenewo ali ndi memory ya 2GB yokha, pomwe RX 580 ndi ya 2017 ndipo GTA V imaiyendetsa pa 1080p mosavutika. Choncho FPS, yomwe ndi chiwerengero cha zithunzi zomwe gemu ikuonetsa pa sekondi imodzi, ikatsika mutaika khadi ngati imeneyi, ndiye kuti pali chinachake chomwe chikuimanga miyendo. Pa makompyuta omwe anthu amandibweretsera atasintha khadi, ambiri amachira osagula purosesa, ndipo ena amachira osagula kanthu kalikonse. Ndalama ya purosesayo isungeni kaye.

Chomwe ndikufuna mumvetse poyamba n'chakuti m'kalata mwanumu muli mavuto awiri. Kutsika kwa FPS ndi nkhani ina, kuzima kwa kompyuta ndi nkhani inanso. Power supply, kabokosi kogawira magetsi ku zida zonse za m'kompyuta, ikachepa mphamvu, kawirikawiri siitsitsa FPS ayi. Imagwira ntchito mpaka pomwe yalemedwa, kenako imazimitsa zonse nthawi imodzi, kapena sikirini imangoda bii. Ndiye mukasintha power supply kuzimako kutha, koma FPS ikhoza kukhalabe pa 30 mpaka mutapeza chinacho. Ndiyamba ndi kuzimako, chifukwa ndi komwe kungakuwonongereni katundu, mwinanso kuyatsa moto m'nyumba.

Kachingwe ka SATA kaja musasewere nakonso, kuyambira lero lomwe. GTX 750 Ti imadya pafupifupi 60W, ndipo mphamvu imeneyi imaitenga pa slot ya motherboard, yomwe imatha kupereka mpaka 75W. N'chifukwa chake inkayenda bwino m'kompyuta ya mu ofesi popanda chingwe china. RX 580 imadya pafupifupi 185W. Chingwe cha 8-pin chinapangidwa kuti chizinyamula 150W, koma pulagi ya SATA pa 12V inapangidwira 54W basi, chifukwa ntchito yake ndi kudyetsa hard drive. Apa mukukakamiza timawaya tating'ono kusenza katundu woposa kawiri yemwe tingathe. Ndaonapo mapulagi oterewa atasungunuka, pulasitiki itada, mkuwa wa waya uli pamtunda, ndipo mwiniwake ankangodandaula kuti m'chipinda mukumveka kafungo ka zopserera osadziwa kuti kakuchokera m'kompyuta. Zimitsani, zulani pakhoma, tsegulani chivundikiro cha pambali, ndipo muiyang'anitsitse pulagiyo. Mukapeza yasintha mtundu kapena yapindika ndi kutentha, dziwani kuti mwapulumuka pang'onong'ono. Apa ndi pomwe wogulitsayo anakulakwirani, kaya anachita modziwa kaya mosadziwa.

A AMD amalimbikitsa power supply ya 500W pa khadi imeneyi. Makompyuta a mu ofesi a m'badwo wa purosesa yanuyo, a Dell ndi HP omwe adzadza m'mashopu a ku Limbe ndi m'tauni muno, ambiri amabwera ndi power supply ya pakati pa 200W ndi 300W. Pogula ina musakopeke ndi nambala yaikulu yomwe yalembedwa pabokosi. Werengani kapepala komata pambali pa power supply yeniyeniyo, pezani mzere wa +12V, ndipo muchulukitse ma amp omwe alembedwapo ndi 12. Mukapeza yolembedwa 500W koma pa +12V pali 18A, ndiye kuti khadi ndi purosesa zizigawana 216W zokha, ndipo palibe chomwe mwasintha. Yabwino ya 500W imakhala ndi 40A kapena kuyandikira pamenepo pa +12V, imakhala ndi chingwe chakechake cha 8-pin kapena 6+2, ndipo mukainyamula imalemera m'manja. Zopepuka kwambiri zija ine ndimazikana. Ndimauza anthu kuti ayambire pa mayina odziwika monga Corsair, Seasonic kapena Cooler Master, okhala ndi chizindikiro cha 80 Plus, ngakhale itakhala yogwiritsidwapo kale.

Pali msampha wina pa makompyuta a mu ofesiwa. Motherboard zambiri za Dell ndi HP za nthawi imeneyo sizilandira pulagi wamba ya 24-pin. Zina zili ndi ya 8-pin, zina ya 6-pin, ndipo mawaya ake amasanjidwa mwanjira ya kampaniyo. Musanalipire, jambulani pafoni pomwe power supply imalowa pa motherboard, lembani nambala ya modelo ya kompyuta yanu, ndipo mupite nazo kwa munthu wodziwa kuti akupezereni adapita yoyenera modelo imeneyo. Onaninso ngati yatsopanoyo ingakwane m'bokosi lanu. Ndipo chonde musamasule power supply kuti muone m'kati mwake. Muli ma capacitor omwe amasunga magetsi ngakhale mutaizula pakhoma, ndipo amatha kuvulaza munthu koopsa. Ngati muli ndi UPS, batire ija yogwirizira kompyuta magetsi akathima, onani kukula kwake, chifukwa ya 650VA nthawi zambiri siifika 400W, ndipo kompyuta ya RX 580 pamodzi ndi monita imaifikitsa kumapeto magetsi akathima muli pakati pa gemu.

Zoyesa zina zomwe ndifotokoze zimafuna kuti khadi igwire ntchito mwamphamvu, choncho muzichite mutakonza za magetsizi, kapena mukaiyesere m'kompyuta ya mnzanu yemwe ali ndi power supply yokwanira.

Tsopano tibwere ku FPS. Suzumirani kumbuyo kwa kompyuta muone pomwe chingwe cha monita chalowa. Zimaoneka zopepuka, koma kuno kwathu zimakola anthu ambiri. Mamonita ochuluka omwe tili nawo m'nyumba ndi akale, a VGA, a pulagi yabuluu ija yomanga ndi tisikuluwu tiwiri. GTX 750 Ti inkalandira VGA, mwina mwachindunji kapena kudzera pa kaadapita ka DVI. RX 580 siitulutsa chithunzi cha mtundu umenewo. Ili ndi HDMI, DisplayPort, ndi DVI-D yomwe kaadapita kakale kaja sikalowako n'komwe. Munthu akaona kuti chingwe chake chilibe polowa pa khadi yatsopano, amachibaya pa VGA ya motherboard, pamwambapo pafupi ndi ma USB. Makompyuta ena amakana kuonetsa chithunzi zikatero, koma ena amaonetsa ndithu, ndipo gemu ikhoza kumayendetsedwa ndi Intel HD Graphics 4600 yomwe ili m'kati mwa purosesa yanu, RX 580 itangokhala. FPS ya 25 mpaka 30 pa masetingi otsika ndi yomwe munthu angayembekezere pamenepo. Chingwe chiyenera kulowa pansi, pa khadi penipeni. Ngati monita yanu ndi ya VGA yokha, gulani adapita yochoka ku HDMI kupita ku VGA, kapena muyesere kaye pa TV ya pabalaza ndi chingwe cha HDMI.

Chomwe ndikuchikayikira kwambiri pa nkhani yanu ndi ma driver, mapulogalamu omwe amathandiza Windows kuyendetsa khadi. Mwachoka ku khadi ya kampani ya NVIDIA mwapita ku ya AMD, ndipo m'kalata simunatchule kuti akale aja munawachotsa. Windows siiwachotsa yokha, ndipo zotsalira zake zimatha kulimbana ndi atsopano. Tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters. Mukaona palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti khadi ilibe driver n'komwe ndipo vuto mwalipeza. Mukaona dzina la Radeon RX 580 koma pali kachizindikiro kachikasu ndi Code 43, ndiye kuti Windows yaimitsa khadiyo, ndipo zimenezo tibwererako. Ngakhale zonse zitaoneka kuti zili m'malo mwake, ine ndimalangizabe kuyambira pachiyambi.

Koperani kaye driver ya RX 580 pa webusaiti ya AMD yeniyeni, mutasankha dzina la khadi ndi Windows yomwe muli nayo. Failoyo ndi ya ma MB mazana angapo, ndiye konzekerani bandulo kapena mukakopere kwa mnzanu yemwe ali ndi Wi-Fi. Musatenge driver ya pa flash ya munthu yomwe simukudziwa kuti ndi ya chaka chiti, ndipo mapulogalamu aja olonjeza kukuikirani ma driver onse nthawi imodzi musawayandikire. Koperaninso DDU, Display Driver Uninstaller, yomwe ndi yaulere. Mukatero chotsani intaneti pa kompyuta, lowani mu Safe Mode, tsegulani DDU, chotsani za NVIDIA, kenako za AMD zomwe zilipo, ndipo muyatsenso kompyuta. Ikani driver yomwe munakopera ija, ndipo intaneti muilumikize pomalizira penipeni. Mukaisiya ili yolumikizidwa, Windows Update imathamanga kukaika driver yakeyake inu musanaike yanu, ndipo mumabwerera pomwe munali. Mukamaliza musadabwe gemu ikadodomako mphindi zoyambirira. Imakhala ikukonza ma shader a khadi yatsopano, ndipo zimenezo zimatha zokha.

Magemu nawonso amasintha masetingi okha akaona khadi yachilendo. Mu GTA V, pa Graphics, pali VSync yomwe mungaiike pa On, Off kapena Half. Ikakhala pa Half, pa monita ya 60Hz FPS imamangidwa pa 30 ndendende, kaya khadi ndi yamphamvu bwanji. Magemu a FIFA a pa kompyuta alinso ndi posankha kuti FPS ikhale pa 30, pa 60, kapena yopanda malire. Ndiye iyang'anitsitseni nambalayo. Ikakhala yakhazikika pa 30 osasuntha ngakhale mutayang'ana kumwamba komwe kulibe chojambula, imeneyo ndi loko, si kufooka kwa khadi. Onaninso mu Windows kuti monita ili pa 60Hz, chifukwa ma TV ena pa HDMI amadziika pa 30Hz, komanso mu pulogalamu ya AMD onani kuti Radeon Chill, yomwe imatsitsa FPS posunga magetsi, siyoyaka. China, anthu akagula khadi ya 8GB amakankhira masetingi onse kumapeto poona kuti kamzere ka memory ka mu GTA V sikanadzadze. Kamzere kameneko kamayeza memory yokha. MSAA, Grass Quality ya pa Ultra, Extended Distance Scaling ndi Frame Scaling Mode zimagwetsa FPS ngakhale pa makhadi oposa yanuyo. Njira yachidule ndi kulowa mu Documents, Rockstar Games, GTA V, n'kusunthira kwina failo ya settings.xml. Gemu ipanga ina yatsopano, ndipo muyambire pa masetingi omwe munkasewerera kale kuti muyerekeze zinthu zofanana.

Zikakanika ndi zimenezi, lekani kungoganizira, yezani. Ikani MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner Statistics Server yomwe imabwera nayo limodzi. Ndi yaulere ndipo imagwira pa khadi ya kampani iliyonse. Ikonzeni kuti pakona pa sikirini pazioneka GPU usage (kuchuluka kwa ntchito yomwe khadi ikugwira), kutentha kwa khadi, core clock (liwiro la khadi), CPU usage ya core iliyonse ya purosesa, kutentha kwa purosesa, ndi RAM yomwe ikugwiritsidwa ntchito. Sewerani mphindi khumi ndi zisanu pakati pa mzinda wa mu gemuyo pomwe pali magalimoto ndi anthu ambiri, ndipo mujambule manambalawo pafoni FPS ikagwa.

Powawerenga, ganizirani za kuchigayo. Khadi ndi chigayo, purosesa ndi mnyamata wothira chimanga. Mukagula chigayo chachikulu koma wothirayo ndi yemweyo, ufa utuluka pa liwiro la manja ake. Choncho GPU usage ikakhala pa 50 kapena 60 peresenti pomwe ma core onse anayi ali pafupi ndi 100, purosesa ndiyo ikulephera kuithirira khadi. GPU usage ikakhala pa 99 koma FPS ili 28 pa masetingi wamba, ndiye khadiyo ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse koma mphamvuzo n'zochepa kuposa zomwe RX 580 iyenera kukhala nazo, ndipo maso athu atembenukire kwa iyo. Zonse ziwiri zikakhala pansi, bwererani ku loko ya FPS, ma driver, RAM kapena hard drive.

Pa funso lanu la purosesa ndiyankha mosabisa. Core i5-4570 ndi ya 2013, ili ndi ma core anayi ndi ma thread anayi, ndipo n'zoona kuti idzaibweza RX 580 m'malo odzadza anthu ndi pa GTA Online. Koma purosesa yomweyi ndi imene inkakupatsani 50 kapena 60 mwezi wathawu. Purosesa yofooka imalepheretsa FPS kukwera, siiigwetsa pansi pa pomwe inali pa gemu yomweyo ndi masetingi omwewo, pokhapokha ngati yayamba kutentha kapena mwakweza zinthu zomwe zimailemetsa monga Population Density ndi Distance Scaling. Ndiye mukagula ina lero, pali mwayi waukulu woti mudzapeza FPS ili pomwe pomwepo. Mavuto enawa akatha ndipo manambala akakuonetsani kuti purosesa ndiyo yatsala, Core i7-4770 kapena i7-4790 zimalowa pa socket yomweyo ya LGA1150 ndipo zili ndi ma thread asanu ndi atatu, ngakhale i7-4790 pa motherboard zina imafuna BIOS yatsopano, kapulogalamu ka m'kati mwa motherboard komwe kamadzutsa kompyuta. Kumbukiraninso kuti magemu a mpira atsopano akwera: EA Sports FC 24 imafuna purosesa yosachepera i5-6600K. Ngati maso anu ali kumeneko, ndi bwino kusungira motherboard, purosesa ndi RAM za m'badwo watsopano kusiyana ndi kumangothira ndalama m'kompyuta yakaleyi.

Tiyeni tiione khadi yeniyeniyo, poti ndi pomwe mtima wanu ukukayika. Pulogalamu yaing'ono ya GPU-Z imaulula zambiri. RX 580 yeniyeni imaonetsa Shaders 2304, Bus Width 256 bit, ndi memory ya GDDR5 ya 8192MB pa ya 8GB. Mukaona Shaders 2048, ndiye muli ndi RX 580 2048SP, yomwe inapangidwira msika wa ku China ndipo mphamvu zake n'zofanana ndi za RX 570. Si yachabechabe, imaiposabe GTX 750 Ti kutali, koma mtengo wake suyenera kufanana ndi wa RX 580 yathunthu, ndipo wogulitsa wachilungamo amayenera kunena.

Nkhani yaikulu pa makhadi amenewa ndi komwe achokera. RX 580 zambirimbiri zinagwira ntchito yokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum usana ndi usiku, mpaka mu Seputembala 2022 pomwe Ethereum inasiya njira yokumba ndi makhadi. Zitatero zinakhuthulidwira pamsika motchipa, ndipo zina ndi zomwe zikufika kuno. Khadi yoti inakumbapo siyoipa nthawi zonse, ndaonapo zambiri zikutumikira bwino. Vuto ndi lakuti okumbawo ankasintha BIOS ya khadi, kapulogalamu ka m'kati mwake kolamulira kayendedwe kake, kutsitsa core clock ndi kusintha kayendedwe ka memory kuti ikumbe bwino ikudya magetsi ochepa, ndipo ogulitsa ena saibwezeretsa. RX 580 ya BIOS yake yeniyeni imafika pa 1340MHz kapena kupitirira pang'ono mukamasewera, ndipo memory ya 8GB imakhala pa 2000MHz. Mukaona core clock ikukanirira cha m'ma 1100MHz khadi isanatenthe, kayikirani BIOS. Mukaiona yangoima pa 300MHz muli m'kati mwa gemu, ndiye khadi siikudzuka n'komwe, ndipo zimenezo zimaloza ku driver, ku magetsi, kapena ku chingwe cha monita chija. Code 43 yosachoka mutaika driver mwaukhondo imalozanso ku BIOS yosinthidwa kapena ku khadi yodwala. Makhadi ena, monga a Sapphire Nitro+ ndi ena a XFX, ali ndi kaswitchi kakang'ono m'mphepete mwa pamwamba kosankhira pakati pa ma BIOS awiri. Zimitsani kompyuta, kankhirani kaswitchiko mbali ina, yatsani, ndipo muonenso manambala. Nthawi zina nkhani imathera pomwepo. Koma kulemba BIOS ina m'khadi musayese nokha ngati simunachitepo, makamaka popanda UPS. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, kapena mukalemba BIOS ya khadi ina, sikirini siyakanso mpaka khadiyo itapita kwa wodziwa kuitsitsimutsa.

Mudakali mu GPU-Z momwemo, onani pa Bus Interface. Dinani kachizindikiro ka funso kali pambali pake kuti khadi iyambe kugwira ntchito, chifukwa ikakhala chete imaonetsa nambala yotsika. Iyenera kuonetsa x16 3.0. Ikaonetsa x4 kapena x1, mwina khadi siinalowe bwino, mwina timano take tagolide tada, kapena mwaiika pa slot yachiwiri yaitali, yomwe pa motherboard zambiri za mu ofesi imayenda pa x4 yokha. Izuleni, pukutani timanoto mosamala, ndipo muibwezere pa slot yoyandikana ndi purosesa mpaka kakhomo kake katalira.

Kutentha musakupeputse. Mumzinda muno mu Okutobala ndi Novembala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i, kompyuta yomwe inkayenda bwino nthawi ya chiperoni imayamba kuvutika, ndipo fumbi la chilimwe limakhala litatseka kale timipata ta heatsink. Bokosi la kompyuta ya mu ofesi linapangidwira kutentha kochepa, kawirikawiri lili ndi fani imodzi kumbuyo, ndipo inu mwalowetsamo khadi yotulutsa kutentha koposa katatu kwa yakale ija. Khadi ndi purosesa zikatentha mopitirira zimadzitsitsa liwiro zokha podziteteza. Chizindikiro chake n'chakuti gemu imayamba bwino, kenako pakatha mphindi zingapo FPS n'kuyamba kugwa, mafani akulira kwambiri. Khadi ikamadutsa madigiri 85, kapena purosesa ikamafika m'ma 90, pali ntchito. Yesani kusewera chivundikiro cha pambali chitachotsedwa, fani ya m'nyumba ikupemerera m'kati. FPS ikakwera, mwalipeza. Onani ngati mafani onse a khadi akuzungulira ikatentha, komanso ngati palibe chingwe chomwe chikuwagwira. Pouzira fumbi ndi blower gwirani mafaniwo ndi chala kuti asazungulire mopenga. Khadi ya zaka zonsezi nthawi zambiri thermal paste yake, phala lija lopititsa kutentha kuchoka pa khadi kupita ku heatsink, imakhala itauma, ndipo kuisintha kumathandiza kwambiri, koma musaimasule ngati mukuganiza zoibweza, chifukwa wogulitsa adzakanira pomwepo.

RAM yomwe mwaonjezerayo ndi chinthu chachiwiri chomwe munasintha tsiku limodzi, ndiye nayonso iyenera kufunsidwa. Mu Task Manager onani ngati Windows ikuona 16GB yonse. Mu CPU-Z, pa Memory, onani ngati palembedwa Dual. Ngati pali Single, timitengo tiwirito tili pa ma slot olakwika, ndipo pa motherboard ya ma slot anayi kawirikawiri timayenera kukhala pa awiri a mtundu wofanana. Kamtengo ka DDR3-1333 kakasakanizidwa ndi ka 1600, tonse timayenda pa 1333. Zimenezi sizingagwetse FPS ndi theka, koma kamtengo kodwala kamatha kuimitsa gemu ndi kuzimitsa kompyuta. Chotsani katsopanoko, sewerani ndi kakale kokha, muone ngati pali kusintha. 

Ngati magemu anu munakopera pa flash kwa anyamata a m'mashopu, tsekani chilichonse ndipo muone mu Task Manager ngati khadi kapena purosesa ikugwira ntchito inu musakuchita kanthu. Magemu othyoledwa ena amabwera ndi tizilombo tokumba ndalama mobisa, ndipo khadi yamphamvu ndi yomwe timaifuna. Komanso muziyesa FPS pa gemu ya nokha, osati ya pa intaneti, kuti musasokoneze kuchedwa kwa netiweki ndi kufooka kwa kompyuta.

Wogulitsa uja muimbireni lero, musadikire kuti mumalize zonsezi. Muuzeni mwaulemu kuti kompyuta ikuzima, kuti mukukaiyesa khadi pa power supply yokwanira, ndipo mugwirizane tsiku lomwe angailandirebe ikapezeka ndi vuto. Zikhale pa uthenga wolemba kuti pakhale umboni. Njira yodula mkangano ndi kuiika m'kompyuta ina yabwino, iye ali pomwepo ngati n'kotheka, n'kuyendetsa pulogalamu yoyesera makhadi ya Unigine Heaven kapena gemu yolemera kwa theka la ola mukuyang'ana kutentha ndi core clock. Ikayenda bwino kumeneko, khadi ilibe mlandu ndipo ntchito yatsala pa kompyuta yanu. Ikaonetsa timadontho tamitundumitundu, mizere yodutsa pasikirini, kuda kwa sikirini, kapena Code 43 pa kompyuta yachiwiriyo, ibwezeni osaikonza, ndipo chithunzi cha GPU-Z mupite nacho. Kwa katswiri wokonza makompyuta thamangirani ngati mwamva fungo la zopserera, ngati kompyuta ikuzimabe mutaika power supply yabwino, kapena ngati pakufunika kulemba BIOS. Sankhani yemwe ali ndi power supply ndi khadi zina zoyesera, osati wongokuuzani kuti muike Windows ina asanayeze chilichonse.

Zikapezeka kuti power supply yoyenera pamodzi ndi adapita yake zikudula kuposa zomwe mungathe, kapena sizikukwana m'bokosi lanu, gulitsani RX 580 mutanena zoona zake zonse, ndipo musake khadi yomwe imakhutira ndi magetsi a pa slot. GTX 1650 ya mtundu wopanda pulagi ya 6-pin imadya 75W, ndipo ngakhale siifika pa RX 580, imaiposa GTX 750 Ti moti mudzaona kusiyana tsiku loyamba. Pogula, iyang'aneni m'mphepete kuti mutsimikize kuti ilibe polowetsa chingwe, chifukwa GTX 1650 zina zimakhala napo.